Galimoto ya pa Njerwa

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mlendo aliyense wofuna nyumba yathu ku Area 23 ankauzidwa kuti, "Mukafike pamene pali galimoto ya pa njerwa." Palibe amene ankatchula mpanda umene ndidamangitsa, kapena maluwa amene ndinkathirira m'mawa uliwonse, kapena kuti pakhomopo pamakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu. Ankatchula galimoto basi, ndipo zimenezi zinkandiwawa kuposa momwe ndinkaonetsera.

Idali galimoto yachijeremani, yaitali ndi yolemera, ya mtundu uja unkanyamula akuluakulu a boma ife tili ku koleji. Amuna anga adaigula atangopuma pantchito yawo yoyeza malo. Idabwera mochita kukokedwa ndi chingwe kuchokera ku Area 25, ndipo nditatsegula chitseko chake ndidalandiridwa ndi fungo la zitosi, poti mwini wake wakale ankasungiramo nkhuku zoikira mazira.

"Bambo, ichi n'chiyani?" ndidafunsa.

"AHedi, iyi ndiye galimoto," adayankha akusisita denga lake. "Zina zonse mukuziona m'misewumu ndi zitini."

Dzina la aHedi adandipatsa tsiku limene ndidakwezedwa pantchito, ndipo ankalitchula makamaka akaona kuti ndayamba kuwayankhula ngati mwana wa Sitandade 5. Tsiku lomwelo adachotsa matayala onse anayi, nakhazika galimotoyo pa milu inayi ya njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Adati ntchito yonse itenga chaka chimodzi.

Ndiyenera kunena za khalidwe langa, pakuti nkhaniyi ikukhudza ine monga momwe ikukhudzira iwo. Sindigwirizana ndi chinthu chosamalizidwa. Kope limene mwana walisiya pakati limandisowetsa mtendere mpaka nditamuitana mwanayo. Diresi ndikalidula Lachisanu, Lamulungu limakhala litavalidwa. Tsono taganizirani munthu wotere akudzuka tsiku lililonse, kutsegula katani, n'kuona chinthu chachikulu chosamalizidwa chitakhala pakati pa bwalo lake.

Komabe sindinganame kuti amuna anga ankachita ulesi. Loweruka lililonse ankayala thumba pansi, n'kundandalika masipanala kuyambira laling'ono kufikira lalikulu, monga momwe ankandandalikira zida zawo zoyezera malo. Kawirikawiri kunkabwera mkulu wina wa ku Biwi, makanika amene paunyamata wake adagwirapo ntchito pa magalimoto a mtunduwu. Sadali mbale wathu, koma amuna anga ankamutchula achimwene. Awiriwa adatsitsa injini, naimasula yonse, natsuka kachitsulo kalikonse m'beseni langa lochapira, limene sindidalionenso likuyera. Chaka chachiwiri adaibwezera m'malo mwake. Chaka chachitatu adapala penti yakale yoyera, napaka yobiriwira modera ngati tsamba lokhwima la mango.

Kenaka adayamba zimene mwini fakitale sadaziganizepo. Thabwa lokongoletsa kutsogolo kwa woyendetsa lidali litang'ambika ndi dzuwa. Iwo adagula mlombwa, nausema, naukwecha miyezi itatu mpaka unkaterera ngati mbale. Adaika wailesi yatsopano, koma adaibisa kuseri kwa nkhope ya wailesi yakale kuti woona aziyesa ndi ya kalekale. Adaikanso hutala ya mawu awiri, yaukali, imene ankati imveka kuchokera kwathu mpaka ku Kawale.

Mipando ndidasoka ndine. Sindidachite zimenezi chifukwa chokonda galimotoyo. Telala amene adamuitana adabweretsa mpando woyamba msoko wake uli wokhota ngati njira ya mbuzi, ndipo ine, amene ndidaphunzira zosoka ku koleji, sindikadalola chinthu chotere pakhomo panga. Ndidasankha nsalu yolimba yonga chikopa, ya mtundu wa mkaka, ndipo ndidathyola singano zosawerengeka pa makina anga. Nditamaliza mpando wakumbuyo, amuna anga adauyang'ana nthawi yaitali.

"Pamenepa sipadzakhala munthu wa fumbi," adatero.

"Nanga idzayenda liti?"

"Kwatsala pang'ono, aHedi."

Yankho limeneli ndidalimva zaka zinayi. Nthawi zina ankati akudikira kachipangizo kochokera kunja. Nthawi zina ankati mawaya akusokoneza. Ndinkawakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iwo n'kumangoseka, n'kupitiriza kupukuta magalasi a galimoto imene sinkapita kulikonse.

Zinthu zidasintha m'chaka chachisanu ndi chiwiri. Amuna anga adakhala ndi matenda a shuga kwa nthawi yaitali, ndipo m'chaka chimenecho ndidayamba kuona zachilendo. Ankandiitana kuchokera kukhitchini kuti ndiwawerengere nambala ya sipanala. Bawuti ikagwa pansi, ankaifufuza ndi chikhatho, osati ndi maso. Ndidawakakamiza kupita kwa dokotala wa maso, ndipo ndidalowa nawo m'chipindamo chifukwa ndinkadziwa kuti akatuluka okha adzati zonse zili bwino. Dokotalayo adanena mosabisa kuti shuga wawononga mkati mwa maso onse awiri ndipo zimene zawonongekazo sizibwerera. Adati masana angathe kuyendetsabe galimoto kwa kanthawi, mtunda waufupi, koma chiphaso chawo chikatha mu Okutobala iye sadzavomereza kuti apatsidwe china.

Umenewo udali mwezi wa Juni. Titafika kunyumba ndidatenga kalendala n'kuwerenga masiku a Loweruka amene adatsala, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndidafuna chinthu chimodzi chokha: kuti munthu ameneyu ayendetse galimoto yake ndi manja ake maso asadatseke.

Ndidasowa pokhala. Kusukulu ndinkalowa m'kalasi n'kuiwala chimene ndalowera. Pamsonkhano wa makolo ndidadzipeza ndikujambula tayala m'mphepete mwa pepala. Ndikaweruka ndinkazungulira galimotoyo ngati kuti ndikaiyang'anitsitsa idzachita manyazi n'kudzuka. Amuna anga okha ndiwo adali osatekeseka. Loweruka lina ndidawapeza akumata kansalu kofewa m'kabokosi koikamo mapepala, kuti makiyi asamachite phokoso m'menemo.

"Bambo, kwatsala masabata khumi, inu mukumata nsalu?"

"Chinthu chizichitika bwino, aHedi. Si inu mumatero?"

Lachitatu lotsatira ndidaweruka msanga n'kukwera minibasi ya ku Biwi. Ndidali ndisadafikeko kumalo a amakanikawo. Ndidayenda pakati pa magalimoto ong'ambulidwa, nsapato zanga zakuntchito zikuponda dothi lakuda ndi oyilo, ogulitsa akundiitana uku ndi uku. "Amayi, mapulagi? Amayi, galasi? Tchulani mtundu wokha, chilipo!" Achimwene aja ndidawapeza atakhala pa injini yakufa akudya chinangwa. Atandiona adaimirira msanga n'kupukuta manja.

"Mayi, kwagwanji? Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndabwera kuti mundiuze chimene chatsala pa galimoto ija. Mundiuze dzina lake ndi kumene chimapezeka. Ngati n'kunja, ndiitanitsa ndekha."

Mkuluyo adayang'ana pansi, nayang'ana kumwamba, kenaka adayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, mundiyambanitsa ndi mnzanga."

"Sindidabwere kudzaseka."

"Pepani. Galimoto ija ilibe vuto ngakhale limodzi. Idalira zaka ziwiri zapitazo, inu muli ku msonkhano wa aphunzitsi. Idalira bwino ngati mphaka wokhuta. Koma isadathe mphindi, bambo adaizimitsa, ati anansi angamve."

"Nanga bwanji ndikatembenuza kiyi siilira? Ndayesapo iwo kulibe."

"Pali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati bokosi la machesi, kamiyendo isanu. Popanda kameneko petulo safika ku injini. Adakazula ine ndikuona. Kumene adakaika, funsani eni ake."

Sindidafunikire kufunsa. Kabokosiko ndinkakadziwa. Kankakhala m'dirowa ya pambali pa bedi, pamodzi ndi mankhwala awo a shuga, ndipo kwa zaka ziwiri ndidakhala ndikukanyamula Loweruka lililonse, kupukuta fumbi pansi pake, n'kukabwezera pamalo.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisadalowe, ndidawapititsira tiyi pakhonde. Pambali pa kapu ndidaika kabokosi kaja. Adakakhudza ndi zala, nakazindikira, nabweza dzanja.

"Achimwene ali ndi pakamwa," adatero.

"Zaka ziwiri, Bambo. Ndakhala ndikunyozedwa ndi dzina la galimoto ya pa njerwa, inu yankho lili m'dirowa. Ndifuna kumva chifukwa."

Adamwa tiyi pang'ono asadayankhe. "Mukuikumbukira pikiapu yathu ija?"

Ndinkaikumbukira bwino. Tidali nayo ana ali aang'ono.

"Ndiuzeni tsiku limodzi limene pikiapu ija idali yanga. Idanyamula mabokosi a maliro a m'dera lino lonse. Idanyamula nkhuni za pamaliro, mchenga wa kutchalitchi, mbuzi za chinkhoswe, amayi apakati, chimanga cha anthu amene mayina awo sindidawadziwe. Ndidakanapo?"

"Simudakanepo, ndipo mudachita bwino."

"Sindikadakana. Kuno wokana kunyamula maliro, ake adzanyamula yekha. Galimoto yoyenda si ya mwini wake, aHedi, ndi ya aliyense amene wagogoda pageti. Pikiapu ija idafa ndisadapite nayo kulikonse kumene mtima wanga udafuna. Koma iyi," adaloza kumene kudali galimotoyo, "iyi ndi yanga chifukwa siyenda. Palibe adabwerapo kudzabwereka galimoto ya pa njerwa."

Ndidawauza kuti maganizo amenewo ndi odzikonda ndipo sayenera mkulu wa mpingo. Adavomera kuti n'zoona. Kenaka adanena motsitsa mawu, nkhope atayang'ana kumbali, "Komanso ikatha, ine Loweruka ndizidzatani?"

Ine ndikasowa yankho ndimalamula. Ndidati galimotoyo itsike pa njerwa mwezi usadathe. Ndidati sindilola kuti munthu agwire ntchito zaka zisanu ndi ziwiri n'kulephera kulawa chimene waphika. Ndidati akadzasiya kuona adzandithokoza.

"Walira mvula walira matope, aHedi," adatero. Koma kabokosiko adakaika m'thumba la malaya.

Sindidalole kuti iyende popanda mapepala. Achimwene aja adabweretsa matayala ndi batire, naitsitsa pa njerwa, napita nayo okha kukaiyezetsa ndi kulipirira zonse zofunika. Tsiku limene idatuluka pageti, msewu wathu wonse udatuluka. Ana ankathamanga pambuyo pake akukuwa kuti yadzuka. Mayi wina woyandikana nafe adandigwira dzanja nati, "Mulungu ndi wabwino, aHedi! Ndiye ukwati wa mwana wanga uja mu Disembala tisavutikenso." Amuna anga adatembenukira kwa ine.

Mapepala adatenga nthawi, moti tsiku lawo loyendetsa lidafika pa Loweruka loyamba la Okutobala. Tidapangana ulendo waufupi: kuchoka kwathu, kudutsa ku Kawale, kukafika ku Biwi kuti achimwene akaone mnzawo ali pachiwongolero. Adavala jekete ndi chipewa. Ine ndidakhala pambali pawo, chikwama pamiyendo. Atatembenuza kiyi, injini idalira motsitsa, ndipo thabwa la mlombwa lija lidanjenjemera pang'ono pansi pa dzanja langa. Adatsegula wailesi yawo yobisika, nakweza nyimbo za kwaya.

Pamsewu wa tala adayendetsa bwino, mwaulemu, monga ankachitira kale. Komabe ndidazindikira kuti pakamwa panga sipankatseka. "Wa kabaza kumanzere. Minibasi iyo iima. Bampu." Iwo ankangoti, "Ndaona, ndaona." Ndidafuna kuwakhulupirira, choncho ndidawakhulupirira.

Titafika ku Kawale adati tipewe chipwirikiti cha pamsika, nakhotera mumsewu wafumbi umene ankaudziwa kuyambira masiku awo oyeza malo. Msewuwo udali wopanda anthu ambiri, ndipo adaonjezera liwiro pang'ono. Apa ndi pamene ndidalakwa. Ndidasiya kuyang'ana kutsogolo n'kuyamba kuyang'ana iwo. Nkhope yawo idali ngati ya mnyamata amene ndidakumana naye zaka makumi atatu zapitazo, ndipo ndidadziuza mumtima kuti ndapambana.

Ndidamva kuthyoka kwa nthambi pansi pa matayala.

Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo la masamba oyalidwa modutsa msewu. Pakhomo lapafupi pagwa maliro. Woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro mpaka kufanana ndi woyenda pansi, amazimitsa wailesi, wapanjinga amatsika, wachipewa amavula. Ngakhale woledzera amadziwa zimenezi. Ife tidaponda masambawo pa liwiro, kwaya ikuimba mokweza, fumbi lathu likukwera kulowera kumene kudakhala anthu. Bambo wina adalumphira pakati pa msewu atakweza dzanja. Amuna anga adangoona chinthu chaima kutsogolo, ndipo adaliza hutala ija ya mawu awiri.

"Bambo, maliro! Imani!" ndidakuwa.

Adaponda buleki. Nyimbo ya amayi imene inkamveka m'nyumba ya masiye idadukira pakati. Ndidazimitsa wailesi, koma tidali titazunguliridwa kale. Wina adamenya boneti ndi chikhatho.

"Abwana, mwauona ngati msewu wa ku eyapoti?"

"Olemera safa eti? Kwanu kulibe maliro?"

"Ndi chipewa chili kumutu! Atsike ameneyo, akagwire khasu kumanda, aone ngati hutala imakumba!"

Pa moyo wanga wonse ndakhala ine wodzudzula ena pa nkhani ya ulemu. Tsiku limenelo ndidakhala m'galimoto yonyezimira, pa mpando wa mtundu wa mkaka, amayi ovala zitenje akundiyang'ana kuchokera pamphasa, ndipo ndidalakalaka nthaka itang'ambika.

Padabwera mkulu wina wa imvi, wovala jekete lakuda, amene ankayendetsa mwambo wa malirowo. Adakweza dzanja, anthu nachepetsa phokoso. Amuna anga adatsika, navula chipewa, naima atagwira chitseko.

"Bambo," adatero mkuluyo, "msinkhu wanuwu si wophunzitsidwa mwambo. Mwatani?"

"Pepani, akuluakulu. Masamba sindinawaone."

"Masamba onsewo? Tadula nthambi zathunthu za mtengo wa kesha."

"Sindinawaone. Ngakhale inu amene, ndikuona jekete lakuda, koma nkhope yanu sindikuiona. Maso anga atha. Galimotoyi ndaikonza zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo lero ndi tsiku loyamba kuiyendetsa."

Kumeneko kudali kuyamba kumva choonadi chonse. Kwa dokotala adawerenga zilembo zina mongoganizira, ndipo kwa ine adabisa kuti kuyambira Juni mdima udaonjezereka kwambiri. Mkuluyo adawerama n'kusuzumira pawindo langa.

"Mayi, inu munali pomwepo?"

"Ndinali pomwepo."

"Ndipo mukudziwa za maso awo?"

"Ndikudziwa. Ndine ndawakakamiza kuyendetsa."

"Mukadaponda mwana bwenzi tikuti chiyani?"

Nthawi imeneyi padalibe woti ndimulamule. Ndidatsika, ndidatulutsa chitenje chimene sichichoka m'chikwama changa, n'kuchimanga pamwamba pa siketi. Ndidapepesa kwa mkuluyo, kenaka ndidapita kukagwada kwa amayi n'kupepesanso.

Mkuluyo adakambirana ndi anzake pambali, nabwerera. Adati mwa mwambo tikadayenera kulipa chindapusa, koma iwo ali ndi vuto lina. Maliro akaikidwa kumanda a ku Area 18, ndipo galimoto imene idapezeka yonyamula anthu ndi lole yaitali. Mayi a malemu ndi okalamba, miyendo ndi yotupa, ndipo pali azakhali awiri amenenso sangathe kukwera. "Yanuyi ikuoneka yofewa," adatero. "Koma asayendetse bambowa."

Amuna anga adatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kosamveka. Adatambasula dzanja kumene ankaganiza kuti ndaima, kiyi ali pachikhatho.

"AHedi, matope aja ndi awa."

Chiphaso changa choyendetsera chidali chamoyo. Ndidali ndisadagwire chiwongolero chifere pikiapu, koma sindilola pepala lililonse la boma kutha mphamvu m'manja mwanga, choncho ndinkachikonzetsa nthawi yake ikakwana. Ndidalandira kiyiyo.

Tidakhala nawo pa mwambo wonse, iwo kwa abambo, ine kwa amayi, pamaliro a munthu amene sitidamudziwe. Adali bambo wa zaka makumi anayi, telala wa pamsika. Nthawi yonyamuka itakwana, amayi awiri adagwirizira mayi a malemu kufika nawo pagalimoto. Amuna anga adafufuza chogwirira, natsegula chitseko chakumbuyo. Mayiwo adayang'ana mpando, nayang'ana mapazi awo. Adali atakhala pansi masiku awiri, ndipo chitenje chawo chidali chofiira ndi dothi.

"Ndidetsa, bambo," adatero.

"Lowani, amayi. Amene adasoka mipandoyi ndi omwewa, adzachapa okha."

Ndidayendetsa pambuyo pa galimoto yonyamula bokosi, pang'onopang'ono. Galimotoyo idali yaitali kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo pokhota paliponse ndinkaopa kukhula mpanda wa munthu. Kumbuyo mayi aja ankalira motsitsa, akutchula mwana wawo, azakhali akuwatonthoza. Amuna anga adakhala pampando umene ndidakhalapo m'mawa, chipewa pamaondo, maso atatseka. Ndidayesa akupemphera, mpaka adayankhula monong'ona.

"Musaikakamize. Isiyeni isinthe yokha giya. Mwamva? Yasintha. Simunamve n'komwe."

Ulendo wonse wopita ku Area 18 adaumvera m'makutu. Pachitunda chilichonse ankapendeketsa mutu, ndipo injini ikakoka bwino ankagwedeza chala pa thabwa lawo la mlombwa. Titafika kumanda, mayi a malemu adagwira dzanja lawo potsika nati, "Mwana wanga sadakwerepo yotere, koma mwandiperekeza bwino." Amuna anga adawerama.

Tidawabwezera ku Kawale mwambo utatha, ndipo pochoka ndidayendetsa mwa liwiro la woyenda pansi mpaka titadutsa masamba a mbali inayo. Ku Biwi sitidafikeko. Mtunda wonse umene amuna anga adayendetsa galimoto yawo, pa zaka zisanu ndi ziwiri za ntchito, ndi umene wa kabaza amapalasa osatuluka thukuta.

Titalowa pageti ndidaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala, pakati pa milu inayi ya njerwa imene idali ikadali pomwepo. Adandiuza kuti ndikoke chotsegulira boneti. Adafufuza ndi zala, nazula kabokosi kaja. Ndidayesa akubwerera nako kudirowa, koma adagwira dzanja langa n'kukaika pachikhatho.

"Kuyambira lero wovomera kapena wokana pageti ndinu," adatero. "Muone ngati n'zophweka."

Si zophweka. Ndidanyamula mkwatibwi wa mu Disembala uja. Ndanyamula odwala, ndanyamula nkhata za maluwa, ndipo mbuzi yokha ndiyo ndidaikana. Misewu yathu imagwedeza chilichonse, moti sabata iliyonse pamakhala chimene chamasuka kapena chayamba kulira. Loweruka amuna anga amayala thumba lawo, n'kundandalika masipanala amene tsopano amawazindikira ndi kulemera kwake, ine n'kukhala pampando pafupi kuwauza kumene bawuti yagwera. Amadandaula kuti ndikuipha galimoto yawo, ndipo amadandaula mokondwa.

Ine ndiye sindidapezebe mtendere pa nkhaniyi. Ena amati ndidachita bwino, poti munthu adalawa chimene adaphika. Koma ndikamayendetsa n'kuona masamba pamsewu, phazi langa limafika pa buleki ndisadaganize, ndipo funso la mkulu wa jekete lakuda lija limabwerera momwe adalifunsira. Ndidafuna kuti chinthu chimalizidwe, ndipo pofuna zimenezo ndidaika munthu wosaona pachiwongolero m'msewu wodutsa ana.

Dothi la ku Kawale silidachoke pampando wakumbuyo. Ndidachapa ndi sopo, ndidayesa mandimu ndi soda, koma pamene padakhala mayi aja padatsala chibanga chofiirira chachikulu ngati mbale. Ndikadatha kusoka nsalu ina, pakuti yotsala ilipo, koma sindidatero. Nthawi zina amuna anga akamapukuta mkatimo amayendetsa chikhatho pamalopo, ngakhale kuti chibanga sichimveka m'manja.

"AHedi, lidachoka dothi lija?"

Ndikadati lidachoka, sakadadziwa. Koma ine sindinama.

"Silidachoke, Bambo."

"Chabwino," amatero, n'kupitiriza kupukuta.